Central Park: Thengo Lomangidwa ndi Manja

Aliyense amene anaonapo chithunzi cha mzinda wa New York chojambulidwa kuchokera m'ndege amakumbukira malo obiriwira a ngodya zinayi, oyalidwa ngati mkeka pakati pa nyumba zosanja za pachilumba cha Manhattan. Imeneyo ndiyo Central Park: makilomita 4 m'litali, mamita 800 m'lifupi, mahekitala 341 yonse pamodzi. Mlendo akalowamo n'kuona mathanthwe, nyanja, timitsinje ndi mitengo ikuluikulu, amayesa kuti omanga mzinda anagwidwa chifundo n'kusiyako kachigawo ka thengo lakale. Si choncho ayi. Kupatula mathanthwewo, pafupifupi chilichonse m'menemo chinachita kukumbidwa, kusenzedwa kapena kubzalidwa, ndipo khasu loyamba lisanagwe pansi, boma linayamba lachotsa anthu amene ankakhalapo.

Eni nthaka oyambirira anali Alenape. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu, ankasodza m'madzi ozungulira chilumbacho, ndipo ankasamuka motsata nyengo. Adatchi atafika, kalata ina ya mu 1626 inadziwitsa akuluakulu kwawo kuti chilumba chonse chagulidwa ndi katundu wa mtengo wa magilida 60. Zidzukulu za Alenape, zimene lero zili kutali ku Oklahoma, ku Wisconsin ndi ku Ontario, zimaisimba mwina nkhaniyi. Zimati makolo awo analandira mphatso zololera alendo kukhala nawo limodzi, pakuti nthaka sichinali chinthu choti munthu n'kugulitsa kenako n'kuchokapo. Nkhondo, nthomba ndi kupanikizidwa zinawakankhira kumadzulo pang'onopang'ono. Angerezi analanda tauniyo kwa Adatchi mu 1664 n'kuitcha New York, koma kwa zaka zambirimbiri tauni yeniyeni inangounjikana kunsonga ya kumwera, kudoko. Chigawo chapakati chinali cha miyala, madambo ndi minda yapatalipatali. Chotsala cha nthawi imeneyo ndi kalinga kamiyala kamene anamanga mu 1814 poopa asilikali a Britain. Kakadali chilili pamwamba pa thanthwe kumpoto kwa paki, ndipo n'kakale kuposa paki yomweyo.

Mu 1811 akuluakulu anajambula mapu a mmene mzinda udzakulire. Analemba mizere yowongoka, misewu 12 yopita kumpoto ndi ina 155 yopingasa, osasamala kuti pali phiri kapena dambo. Malo opumulirapo anasiya ochepa kwambiri. Maganizo awo anali akuti mzinda wozunguliridwa ndi madzi susowa mphepo yabwino, tsono bwanji kuwononga malo amene angagulitsidwe?

Pamapuwo, pakati pa misewu imene inadzakhala ya nambala 82 ndi 89, munthu wina dzina lake John Whitehead anayamba kudula munda wake m'mapuloti mu 1825. Mmodzi mwa oyamba kugula anali Andrew Williams, mnyamata wakuda wa zaka 25 wopukuta nsapato, amene anapereka madola 125 pa mapuloti atatu. Epiphany Davis anagula 12, ndipo mpingo wa anthu akuda wa AME Zion unagula ena oti ukhale ndi manda akeake. Umu ndi mmene unayambira mudzi wa Seneca Village. Ukapolo m'chigawo cha New York unatha mu 1827, koma kutha kwa ukapolo sikunathetse chipongwe. Kumunsi kwa mzinda anthu akuda ankakhala mothithikana, ndipo nthawi zina magulu a azungu ankawagenda ndi kuwaphwanyira matchalitchi. Ku Seneca kunali kutali, kunali kasupe wa madzi abwino, mtsinje wa Hudson unali pafupi, munthu ankatha kulima kabichi kuseri kwa nyumba ndi kuweta nkhumba. Panalinso chifukwa china chachikulu. Lamulo la mu 1821 linkati mwamuna wakuda sangavote pokhapokha akhale ndi malo a mtengo wa madola 250, pamene kwa mzungu lamulo lotere analichotsa. Puloti ku Seneca inali nyumba, inalinso voti. Mu 1845, mwa amuna akuda pafupifupi 100 oyenera kuvota mumzinda wonse, 10 anali a m'mudzi waung'ono umenewu.

Kenako kunabwera alendo. Kuyambira mu 1845 matenda anagwira mbatata ku Ireland, njala inapha anthu pafupifupi miliyoni, ndipo ena ochuluka chomwecho anakwera zombo. Ena mwa iwo anafikira ku Seneca, pamodzi ndi mabanja ochepa ochokera ku Germany. Kalembera wa mu 1855 anapezamo anthu pafupifupi 225. Pa atatu alionse, awiri anali akuda. Munali matchalitchi atatu, sukulu imodzi ndi manda. M'tchalitchi cha All Angels' akuda ndi azungu ankapemphera pamodzi ndi kuikidwa m'manda amodzi, chinthu chimene pa nthawiyo ku America chinali chosowa.

Uku mudziwo ukukhazikika, mzinda unali kufufuma. Mu 1820 munali anthu pafupifupi 124,000. Pofika 1850 anapitirira theka la miliyoni. Kolera inapha anthu oposa 3,000 mu 1832, n'kubweranso mu 1849 kudzapha oposa 5,000. Madokotala a masikuwo ankakhulupirira kuti matenda amayenda mumpweya wonunkha, tsono mitengo ndi malo otakasuka ankaziona ngati mankhwala. Anthu ofuna kupitidwa mphepo Lamlungu ankawoloka kupita ku manda a Green-Wood ku Brooklyn, chifukwa kumeneko kunali kapinga ndi mithunzi. Mkonzi wa nyuzipepala ya Evening Post, William Cullen Bryant, analemba mu 1844 kuti mzinda usunge malo aakulu asanathe. Katswiri wa minda ya maluwa Andrew Jackson Downing naye anaumirira zomwezo. Olemera amene anayendako ku London ndi ku Paris ankabwerako ndi manyazi, poona kuti anzawo kumeneko ali ndi mapaki oyendetsamo ngolo zawo madzulo pamene iwo alibe. Ndiye panali zifukwa zitatu zosakanikirana: thanzi la osauka, ulemu wa olemera, ndi phindu la eni mapuloti ozungulira, amene ankadziwa kuti paki ikabwera mitengo ya malo ikwera. Poyera ankatchula kwambiri choyambacho.

Mu July 1853 nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York inalola mzinda kutenga malo a pakati pa msewu wa 59 ndi wa 106. Anasankha pamenepo chifukwa miyala ndi madambo zinkatsitsa mtengo. Koma panali anthu pafupifupi 1,600: a ku Seneca, alimi a ndiwo zamasamba a ku Germany, oweta nkhumba ndi mbuzi a ku Ireland, owiritsa mafupa, ngakhalenso masisitere a Chikatolika amene anali ndi sukulu yawo kumpoto. Manyuzipepala anawalemba onse ngati anthu ongodzigwera pamalo a eni, okhala m'zisakasa, auve. Ponena za Seneca limeneli linali bodza, pakuti ambiri anali ndi mapepala a malo awo, ankakhoma msonkho, ena anali ndi nyumba zosanjikiza. Koma bodzalo linagwira ntchito yake: owerenga sanaone chifukwa chodandaulira anthu otere. Eni malo analandira chipukuta misozi, ena mwa iwo, kuphatikizapo Williams, anadandaula kuti n'chochepa, ndipo a lendi anangochoka chimanjamanja. Pofika kumapeto kwa 1857 nyumba zonse zinali zitagwetsedwa, anthu atabalalika. Mu 1871 antchito ozula mitengo chakumadzulo kwa paki anatulukira mabokosi a maliro pansi pa mizu. Ndalama zimene mzinda unawononga pogula malo onse, kuphatikizapo chigawo chimene anawonjezera mu 1863 kukafika pa msewu wa 110, zinaposa madola 7.2 miliyoni amene America inalipira Russia pogula Alaska yense.

Malo atapezeka, panachitika mpikisano wojambula mapulani, ndipo panafika mapulani 33. Amene anapambana mu April 1858 anali a anthu awiri. Calvert Vaux anali katswiri wojambula nyumba wochokera ku London, amene Downing anamubweretsa ku America asanamwalire pa ngozi ya sitima ya pamadzi mu 1852. Mnzake Frederick Law Olmsted anali atayesapo zambiri osakhazikika: uchikumbe, ntchito ya m'sitima, utolankhani. Anayendapo m'zigawo za kumwera n'kulemba za moyo wa akapolo. Mu 1850, ali ku England, anaona Birkenhead Park pafupi ndi Liverpool, paki imene Joseph Paxton anakonza ndi ndalama za anthu a m'tauni, ndipo chimene chinamukhudza n'chakuti wantchito wamba ndi bwana ankayenda m'njira imodzi.

Nzeru yawo yaikulu inali yobisa mzinda. M'mphepete anabzala mitengo yothithikana kuti wolowa asaonenso nyumba. Malamulo a mpikisano ankafuna misewu inayi yodutsa paki kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, yoti ngolo za malasha ndi za nyama zizidutsamo. Ena onse anaijambula pamtunda. Olmsted ndi Vaux anaikumba pansi, m'ngalande zakuya zotchingidwa ndi zitsamba, kotero kuti mpaka lero basi imadutsa pansi pa mapazi a munthu iye osaiona. Njira za oyenda pansi, za okwera pahatchi ndi za ngolo anazilekanitsa, ndipo pamene zikumana imodzi imadutsa pamwamba ina pansi. N'chifukwa chake m'pakimo muli milatho yoposa 30, uliwonse ndi kamangidwe kake.

Ntchito inayamba nthawi ya mavuto. Mu 1857 mabanki anagwa, anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ndipo ankadzaza pakhomo pa ofesi ya paki atanyamula makalata a andale owapemphera malo. Onse amene anagwirapo ntchito m'zaka zomanga anakwana pafupifupi 20,000, ambiri a iwo a ku Ireland, olandira pafupifupi dola imodzi pa tsiku la maola 10. Anaphwanya mathanthwe ndi wonga wochuluka kuposa umene unadzaphulika pa nkhondo yotchuka ya ku Gettysburg. Anayala mapaipi adothi pansi kuti madambo aume, madziwo n'kuwalozera m'maenje amene anasanduka nyanja. Dothi la pamalopo linali losabereka, choncho lachonde anachita kubwera nalo pa zombo kuchokera ku New Jersey. Motsogozedwa ndi Ignaz Pilat, katswiri wa zomera wa ku Austria, anabzala mitengo ndi zitsamba zoposa 270,000. Timitsinje ta m'paki, tija timaoneka ngati tikutumphuka m'mapiri, tambiri timachokera m'mipope ya madzi a mzinda yobisidwa pansi pa miyala.

Anthu anayamba kulowamo mu December 1858, pamene nyanja yoyamba inaundana ndi chisanu. Kumeneko nyengo yozizira madzi ankauma gwa, anthu n'kuvala nsapato zokhala ndi kachitsulo kakuthwa kunsi kwake n'kumatsetsereka pamwamba. Madzi akauma mokwanira, oyang'anira ankakweza mpira wofiira pamalo okwera, ndipo ngolo zonyamula anthu m'tauni zinkapachika timbendera todziwitsa kuti lero kuli kotheka. Masewera amenewa ndiwo anasonkhanitsa anthu a mitundu yonse, chifukwa sankalira ndalama zambiri, ndiponso anyamata ndi atsikana ankapezerapo danga logwirana manja makolo akuona. Pofika 1865 paki inkalandira alendo oposa 7 miliyoni pa chaka.

Koma tikafunsa kuti alendowo anali ndani, nkhani imasintha. M'zaka 10 zoyambirira oposa theka ankabwera pa ngolo zawozawo, chikhalirecho mwa anthu 100 a mumzinda osakwana 5 ndiwo akanatha kukhala ndi ngolo yotere. Madzulo alionse olemera ankazungulira mondondozana, kuonetsana mahatchi ndi zipewa. Wantchito ankagwira ntchito masiku 6 pa sabata, ankakhala kutali kumwera, ndipo mtengo wa ulendo wa banja lonse unali wosayamba. Magulu oimba ankaimba Loweruka masana, iye ali kuntchito. Malamulo nawo anali okhwima. Kudyera pamodzi m'chigulu, kumene Ajeremani ndi anthu a ku Ireland ankakukonda, kunali koletsedwa. Wamalonda sankaloledwa kukweza banja lake pa ngolo yake ya katundu n'kulowa nayo. Kapinga anali wongoyang'ana, kupatula masiku osankhidwa. Mnyamata wofuna kusewera mpira ankayenera kuonetsa kalata ya mphunzitsi wamkulu yomuchitira umboni kuti ndi wa makhalidwe abwino. Akuluakulu sankaloledwa n'komwe. Amene ankaponda kapinga tsiku lililonse popanda womufunsa zinali nkhosa pafupifupi 200, zimene anaziika pabwalo lina lalikulu kuyambira mu 1864 kuti malowo azioneka ngati kumudzi ku England.

Olmsted sankadana ndi osauka. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wotopa ndi fakitale amachira akamayenda mwakachetechete akuyang'ana mitengo. Cholakwa chake chinali kuganiza kuti iye ndiye akudziwa mmene munthu wotopayo ayenera kupumira. Anthuwo ankafuna kuthamanga, kukuwa, kudya ndi kuvina. Mbiri yonse ya pakiyi kuchokera pamenepo ndi kukokanakokana kwa magulu awiriwa.

Ofuna kusewera anayamba kupambana pang'onopang'ono. Nyama zimene anthu ankangopereka ngati mphatso, zimbalangondo, mbalame, anyani, zinapatsidwa makola okhazikika, ndipo malo amenewa, omwe okonza paki sankawafuna, ndiwo anakhala okondedwa koposa. Mu 1871 kunabwera chozungulira cha ana chokhala ndi timahatchi tamatabwa. M'zaka za m'ma 1880 antchito anamenyera nkhondo kuti nyimbo ziziimbidwa Lamlungu, atsogoleri ena a mipingo akukana, mpaka zinatheka. Tenesi inaloledwa pa kapinga, njinga zinaloledwa m'misewu. Koma pamene olemera anakankha lamulo mu 1892 loti amange msewu wothamangitsirapo mahatchi m'mbali mwa paki, anthu anakana kwamtuwagalu, ndipo lamulolo linafafanizidwa patangopita milungu yochepa. Vaux anamira m'nyanja mu 1895, Olmsted anamwalira mu 1903, ndipo paki inatsala m'manja mwa andale amene ankaiona ngati malo olemberapo ntchito owavotera.

Nthawiyi mzinda unali utaizungulira kale paki mbali zonse. Sitima za pansi pa nthaka zinayamba kuyenda mu 1904, ulendo unatsika mtengo. Kumpoto, ku Harlem, kunadzaza Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya ndi anthu a ku Italy. Pambuyo pawo kunabwera anthu akuda zikwizikwi othawa tsankho ndi umphawi wa m'minda ya thonje ya kumwera, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kunafika a ku Puerto Rico. Ana a anthu amenewa ankasewera mumsewu, pakati pa ngolo ndi magalimoto. Kunabuka gulu la anthu olimbikitsa mabwalo a ana okhala ndi mchenga, akatungwe ndi zokwerapo. Ku Boston anayamba ndi milu ya mchenga mu 1885, ndipo New York inatsegula bwalo lake lokhazikika ku Seward Park mu 1903. Central Park inachedwa. Bwalo loyamba la ana lokhala ndi zipangizo, mphatso ya August Heckscher, linatsegulidwa mu 1926, patapita zaka pafupifupi 70 chitsegulire paki.

Chuma cha America chitagwa mu 1929, pakati pa paki panali chidzenje chachikulu, damu lakale la madzi akumwa limene anali atangoliphwetsa. Amuna osowa ntchito ndi pogona anamangamo zisakasa za malata ndi matabwa. Ena, amene anali amisiri omanga, anamanga kanyumba ka njerwa. Anthu anabwerera kudzagona pafupi ndi pamene anthu ena anathamangitsidwa zaka 70 m'mbuyomo, ndipo nawonso anachotsedwa. Dzenjelo analikwirira ndi dothi ndi miyala, n'kukhala bwalo lalikulu la Great Lawn mu 1937.

Amene anamaliza ntchitoyo anali Robert Moses, yemwe meya Fiorello La Guardia anamuika kukhala mkulu wa mapaki mu 1934. Moses anali munthu wa liwuma, wosamva za mnzake, koma wodziwa kutapa ndalama za boma zolembera anthu osowa ntchito. Chaka chomwecho nkhosa anazisamutsira ku Brooklyn, khola lake n'kulisandutsa malo odyera a Tavern on the Green. Anagwetsa nyumba ya zisangalalo kumene meya wakale ankamwera ndi anzake, n'kuikapo bwalo la ana. Anamanganso malo a nyama, anakonza mabwalo a baseball, ndipo m'mphepete mwa paki anandandalika mabwalo a ana pafupifupi 20, onse ofanana: phula pansi, mpanda wachitsulo, akatungwe, mchenga. Mu 1950 kunatsegulidwa Wollman Rink, bwalo lotsetserekapo la madzi oumitsidwa ndi makina, kuti anthu asamadikirenso chisanu. Okonda mapulani a Olmsted amamunena Moses kuti anathira phula pa chithunzi chokongola. Mayi wa ku Harlem wa ana anayi akanayankha mwina.

Koma amayi ndiwonso anamugonjetsa. Mu April 1956 amayi ena okhala chakumadzulo kwa paki anatulukira kuti kadambo kamene ana awo ankasewerapo kasanduka poimika magalimoto 80 a odzadya ku Tavern on the Green. Anaima kutsogolo kwa chigalimoto chogumula atagwira tingolo ta makanda, atolankhani akujambula. Moses anatumiza antchito usiku kukadula mitengo anthu ali m'tulo. Kutacha zithunzi za amayi akulira zinali m'manyuzipepala onse, nkhani inapita kukhoti, ndipo mapeto ake pamalopo anamangapo bwalo la ana. Patapita zaka zitatu Moses anagonjanso kwa Joseph Papp, amene ankaonetsa masewero a Shakespeare kwaulere ndipo anakana kulipiritsa anthu. Masewerowo akuchitikabe m'bwalo la Delacorte, lotsegulidwa mu 1962.

M'zaka za m'ma 1960 zipata zinatseguka kotheratu. Magalimoto anayamba kuletsedwa Lamlungu mu 1966, achinyamata ankasonkhana kutsutsa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mu July 1969 khamu linaonera pa makanema aakulu pabwalo la nkhosa lija anthu akutera pamwezi. Mu 1970 anthu 127 analipira dola imodzi aliyense n'kuthamanga mozungulira paki kangapo. Amene anamaliza anali 55. Uwo unali mpikisano woyamba wa New York City Marathon, umene lero umadutsa m'zigawo zonse zisanu za mzinda, othamanga oposa 50,000, koma umatherabe m'pakimo. Ibrahim Hussein wa ku Kenya anapambana mu 1987, Juma Ikangaa wa ku Tanzania mu 1989, Willie Mtolo wa ku South Africa mu 1992, ndipo Tegla Loroupe anakhala mayi woyamba wa ku Africa kupambana mu 1994.

Kapinga sanapirire mapazi onsewa, ndipo thumba la mzinda linabooka. Mu 1975 New York inatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake, antchito a m'mapaki ambiri anachotsedwa. Zinafika pa mwana wakana phala: mabwalo anasanduka fumbi, mvula ikagwa matope, mabenchi othyoka, nyali zophwanyidwa, makoma olembedwalembedwa ndi penti, nyanja zodzaza zinyalala. Dzuwa likalowa munthu wanzeru sankalowamo. Mu 1979 Elizabeth Barlow Rogers anaikidwa kukhala woyang'anira paki, ndipo mu 1980 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe loima palokha la Central Park Conservancy, loti lizipempha ndalama kwa anthu ndi makampani. Njira yawo inali yosavuta kuimva: cholembedwa pakhoma chifufutidwe msanga, benchi yothyoka ikonzedwe isanathyoke ina. Pambuyo pake anagawa paki m'zigawo 49, chilichonse ndi wosamalira wake wodziwika, woti udzu ukauma afunsidwe ndi iyeyo. Mu 1998 mzinda unasainirana nalo bungweli pangano loti liziyendetsa paki.

Zaka zokonzanso zomwezo zili ndi chilonda chake. Usiku wa pa 19 April 1989 mayi wina wothamanga anagwiriridwa ndi kumenyedwa kotsala pang'ono kufa chakumpoto kwa paki. Apolisi anagwira anyamata asanu a ku Harlem, akuda ndi a Chilatino, a zaka 14 mpaka 16, ndipo atawapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri anyamatawo anavomera mlandu. Manyuzipepala anawalemba ngati zilombo. Anakhala m'ndende zaka 6 mpaka 13. Mu 2002 mkaidi wina anaulula kuti anachita yekha, umboni wa DNA unagwirizana naye, ndipo khoti linafafaniza chigamulo. Mzinda unawalipira madola 41 miliyoni mu 2014. Zipata za pakiyi zinapatsidwa maina mu 1862 polemekeza anthu wamba: chipata cha alimi, cha amisiri, cha amalonda, cha alendo. Mu December 2022 anawonjezapo dzina loyamba chiyambire nthawi imeneyo, pa chipata china cha ku Harlem, lokumbukira anthu omangidwa popanda mlandu.

Mudzi wa Seneca nawo unatulukanso. Akatswiri a mbiri Roy Rosenzweig ndi Elizabeth Blackmar anaufotokoza m'buku lawo la mu 1992 atafufuza m'mabuku a msonkho, a kalembera ndi a mipingo. Mu 2011 ofukula zakale analoledwa kukumba kwa milungu ingapo. Anapeza maziko a nyumba ya William Godfrey Wilson, amene ankasamalira tchalitchi cha All Angels', ndipo m'kati mwake munali ketulo yachitsulo, chiwaya chootchera nyama, zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China, chogwirira cha mswachi chosemedwa ndi fupa, ndi kansapato ka mwana, kachikopa kunsi, kansalu pamwamba. Si katundu wa anthu ongodzigwera m'zisakasa. Kuyambira mu 2019 pamalopo pali zikwangwani zosonyeza pamene panali tchalitchi, sukulu ndi nyumba za anthu, pambali pa mabwalo a ana amene anamangidwa pamwamba pake.

Lero paki imalandira alendo pafupifupi 42 miliyoni pa chaka. Muli mitengo pafupifupi 18,000, mabwalo a ana 21, mabenchi pafupifupi 10,000, ndipo ambiri ali ndi kachitsulo kolembedwa dzina la amene analipira kuti benchiyo isamalidwe. Magalimoto analetsedwa kotheratu m'misewu yozungulira mu 2018. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, pabwalo lina anakhomapo matenti a chipatala. Ndalama zambiri zoyendetsera paki zimachokera ku Conservancy, ndipo munthu mmodzi yekha, John Paulson, anapereka madola 100 miliyoni mu 2012. Kukongola kwake palibe angakutsutse, koma njira imeneyi imayenda bwino pamene paki yazunguliridwa ndi nyumba za mabiliyoneya. Mapaki a kuchigawo cha Bronx alibe anansi otere. Ndiponso wolipira kapinga amafuna kumuteteza. Mu 2004 mzinda unakaniza anthu otsutsa nkhondo ya ku Iraq kusonkhana pa Great Lawn, chifukwa chimene unapereka n'chakuti awononga udzu.

Chakumpoto, kumene kwa nthawi yaitali kunkatsalira pa chisamaliro, anagwetsa dziwe losambira lakale la konkire limene linatseka kamtsinje kuyambira mu 1966. M'malo mwake mu April 2025 anatsegula Davis Center, ya madola 160 miliyoni: nyengo yotentha ndi dziwe losambira laulere, nyengo yachisanu ndi bwalo lotsetserekapo, pakati pa nyengozi amayalapo kapinga wochita kupanga, ndipo kamtsinje kaja kakuyendanso kukathira m'nyanja ya Harlem Meer. Kumwera mkangano uli pa ngolo za mahatchi 68 zimene zimanyamula alendo odzaona malo. Omenyera ufulu wa nyama akufuna zichoke, ndipo mu 2025 a Conservancy anagwirizana nawo, ponena kuti misewu yadzaza njinga ndi oyenda pansi moti hatchi ikadzidzimuka ingapweteke anthu. Oyendetsa ngolozo, ambiri a iwo obwera kuchokera kumaiko ena, akukana kudzera m'bungwe lawo la antchito, ati pamenepo ndi pamene amapezera chakudya cha ana awo.